Mlendo amene sitifuna kumudziwa

Pali munthu wina amene sanabadwepo, sanapondepo pansi pano, koma anthu miyandamiyanda m'maiko osiyanasiyana amakangana za iye ngati akukangana za mbale wawo wa bere limodzi. Dzina lake ndi Jack Reacher. Ngati inu awerengi munaimapo pa mulu wa mabuku a kaunjika aja amayalidwa m'makonde a masitolo mu Blantyre, m'Limbe kapena ku Lilongwe, ndiye kuti dzinali munalionapo ndithu, pafupi ndi dzina la mlembi wake, Lee Child. Mabuku ake amakhala onenepa, zikuto zopindikapindika, masamba ofiirira kaamba kodutsa m'manja ambiri, ndipo sakhalitsa pamulupo.

Kwa inu amene simunakumane naye, imani ndikuuzeni za mkuluyu. Reacher anali Meja m'nthambi ya apolisi a gulu la nkhondo la America, ntchito imene anaigwira zaka 13 asanaisiye mu 1997. Ndi chimunthu chachitali mafiti 6 ndi mainchesi 5, cholemera makilogalamu oposa 100. Nyumba alibe, mkazi alibe, ntchito alibe, foni alibe, ngakhale kachikwama ka zovala alibe. M'thumba mwake mumapezeka mswachi wopinda ndi tindalama pang'ono. M'mabuku a pambuyo pake munawonjezeka pasipoti yotha ntchito ndi khadi la kubanki, basi. Zovala zikada sachapa ai. Amalowa m'sitolo yotsika mtengo, kugula zina, zakalezo n'kuponya m'bini. Amayenda pa basi kapena kuimitsa galimoto za eni pamsewu, ndipo kulikonse kumene watsika amapeza anthu akuzunzidwa ndi ena amphamvu. Tsono amathyola mafupa a uyu, kupha uyo, kumwa khofi wake wopanda mkaka, kenaka n'kukwera basi ina osatsazika n'komwe bwino. Buku lotsatira, tauni ina, mavuto ena, munthu yemweyo.

Za kukoma kapena kuipa kwa mabukuwa ndiwasiyira akadaulo a kuyunivesite. Chimene chandigwira mtima ine zaka zonsezi ndi ife owawerengafe: m'mene timam'kondera munthu amene sitimudziwa, ndiponso m'mene timapsera mtima wina akayesa kutidziwitsa za iye zoposa zimene tapempha.

Tiyambe ndi amene anamuumba. Lee Child ndi dzina longolembera mabuku. Mwini wake ndi James Grant, anabadwira ku Coventry m'dziko la England mu 1954 nakulira ku Birmingham. Anagwira ntchito zaka 18 pa wailesi ya kanema ya Granada mumzinda wa Manchester, kuyambira 1977 kufikira 1995, pamene mabwana anasintha kayendetsedwe ka kampani n'kumuuza kuti ntchito yatha. Anali ndi zaka 40, banja likumuyang'ana. Anakhala pansi ndi pensulo n'kuyamba kulemba, ndipo mu 1997 munatuluka buku loyamba, Killing Floor. Mwini wake wakhala akusimba kuti dzina la ngwaziyi linachokera m'sitolo: popeza iye ndi wamtali, anthu ankamupempha kuti awatsitsire katundu wa pamwamba, ndipo mkazi wake anamuseka kuti zolembazo zikakanika adzalembedwe ntchito yomafikira anthu zinthu m'mashelefu. M'Chingerezi kufikira chinthu ndiye tsinde la dzina la Reacher. Taonani tsono: munthu wochotsedwa ntchito analenga msilikali amene nayenso anachoka pa ntchito pamene gulu la nkhondo la America linkachepetsa anthu, mpikisano wake ndi Soviet Union utatha. Anamupatsa ngakhale tsiku lake lobadwa, 29 Okutobala. Mkwiyo wa munthu wotayidwa ngati chikho chobooka uli m'mafupa a nthanozi, ndipo aliyense amene analandirapo kalata ija yoyamba ndi mau othokoza n'kutha ndi mau otsazika amaumva msanga.

Mbiri ya Reacher ya papepala timaidziwa. Anabadwira pa kampu ya asilikali ku Berlin mu 1960, bambo ake msilikali wa ku America, mayi ake a ku France. Anakulira m'makampu a maiko osiyanasiyana, naphunzira usilikali ku West Point. Anali ndi mkulu wake mmodzi, Joe. M'buku loyamba lija amatsika basi pafupi ndi tauni yopeka ya Margrave m'chigawo cha Georgia, chifukwa chongofuna kumva za woimba gitala wakale, Blind Blake. Asanamalize n'chakudya chomwe, apolisi amumanga pa mlandu wakupha, ndipo pambuyo pake zidziwika kuti wophedwayo ndi Joe yemwe, amene ankafufuza za anthu opanga ndalama zachinyengo. Zonsezi timauzidwa. Chimene sitiuzidwa n'chakuti usiku akagona yekha m'kachipinda ka alendo amaganiza zotani, amasowa yani, amaopa chiyani. Pamene ngwazi za m'mabuku ena zikadalira kapena kufotokoza za mabala a mumtima, iye amangoti duu. Kukhala chete kwakeko n'kotchuka zedi, moti Andy Martin, mphunzitsi wa ku Cambridge amene anakhala pambali pa Child akulemba buku la Make Me, anatengera pomwepo mutu wa buku lake la 2015.

Munthu wachete ali ngati nyumba yopanda katundu: wolowamo aliyense amaikamo mipando yake. Izi ndinaziona pafupi, pakhomo pathu pomwe.

Mabuku a Reacher amene ndili nawo onse ndi a kaunjika. Mtolankhani wongolipidwa nkhani ikatuluka, ndipo nthawi zina miyezi itatu itapita, salowa m'sitolo ya mabuku atsopano. Mnyamata amene amandigulitsa sanawerengepo ngakhale limodzi mpaka kumapeto, koma makasitomala ake amawadziwa ngati sing'anga. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bwana, awa sagona pano. Ena aja a ndakatulo mumakonda inu aja ndimayenda nawo chaka, koma awa akafika m'mawa, masana apita. Ndipo amene wagula limodzi amabweranso, nkhope ili gwa, ngati munthu wa ngongole." Ndinaseka, ngakhale mau a ndakatulowo anandilasa, popeza inenso ndimalemba zomwezo zoyenda nazo chaka.

Buku likachoka m'manja mwanga limapita kwa alamu anga, amene anapuma usilikali zaka zingapo zapitazo. Iwo amawerenga ali ndi cholembera m'manja ngati akuchonga mayeso. Nditawauza kuti mlembiyo ndi Mngelezi amene sanavalepo yunifolomu, anawomba m'manja n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine, alamu! Ameneyu si msilikali. Msilikali amaphunzitsidwa tsiku loyamba kuti wekha suli kanthu, umadalira amene ali kumanzere ndi kumanja kwako. Uyu angolowa yekha pakati pa anthu asanu? Bodza lenileni." Atatero anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Koma lina lija mwamaliza? Mundibwereke." Patapita nthawi ndi pamene ndinamvetsa chimene amafuna m'mabukumo. Alamu anakhala zaka zoposa makumi awiri akudzuka pa lamulo, kudya pa lamulo, kugona pa lamulo. Atapuma anayenda miyezi yambiri m'maofesi kulondola ndalama zawo, akuuzidwa ndi ana aang'ono kuti abwere mawa, fayilo sikuoneka. Kwa iwo Reacher ndi msilikali amene anavula yunifolomu koma osavula ulemu wake, munthu amene palibe kalaliki angamuuze kuti akhale pabenchi. Za ndewuzo amangozinyoza. Amakonda kumuona akulowa mu ofesi ya munthu wamkulu osagogoda.

Kuchoka kwa alamu buku limapita kwa achemwali anga, namwino, amene amaliwerenga pa ntchito ya usiku odwala akagona. Poyamba ndinkadabwa kuti munthu wopemphera chotere, wosafuna kuona ngakhale nkhuku ikuzingidwa, akupezamo chiyani m'nkhani za zigaza zophwanyika. Yankho lawo linali lalifupi: "Achimwene, inu simuona amayi amene amabwera kuno usiku ndi nkhope zotupa, n'kumanena kuti agwa pa masitepe. Mawa lake mwamuna yemweyo abwera kudzawatenga, atavala jekete, akumwetulira. Uyu wa m'bukuyu mkazi akamuuza kuti akuzunzidwa, amakhulupirira pomwepo, safunsa kuti unamulakwira chiyani." Kenaka anaseka n'kuwonjezera kuti, "Ndiponso ndi mwamuna yekhayo amene ndikumudziwa wosasiyira mkazi zochapa." Child yemwe wanenapo kangapo kuti gawo lalikulu la owerenga ake ndi amayi, ndipo nditamva achemwali sindinadabwenso.

Anthu atatu, buku limodzi, a Reacher atatu osiyana. Ndipo kunja kwa dziko lino, kumene mabukuwa agulidwa oposa 100 miliyoni, nkhani ndi yomweyo. Mukayang'ana mikangano ikuluikulu imene owerenga akhala nayo ndi mlembi wawo, mupeza kuti yonse inabuka pamene wina anakhudza nyumba yopanda katundu ija.

Woyamba unali wa 2008, nkhondo ya ku Iraq ili mkati, pamene kunatuluka buku la Nothing to Lose. M'menemo Reacher anatsegula pakamwa pa nkhani ya ndale: anaonetsa kumvera chisoni asilikali othawa nkhondoyo, naonetsanso kuipidwa ndi m'mene ovulala ankasamalidwira. Owerenga ena a ku America anapsa mtima n'kumulembera Child makalata aukali. Anthuwa anali atakhala zaka khumi ndi Reacher akuyesa kuti maganizo ake ndi ofanana ndi awo, chifukwa sanawatsutsepo. Anali asanawavomerezepo n'komwe, koma chete amamveka ngati inde kwa munthu amene akufuna inde.

Wachiwiri unali wa 2010. Buku la 61 Hours, limene nkhani yake ikuchitikira m'chisanu choopsa cha ku South Dakota, linatha ndi chimoto chachikulu, osanena ngati Reacher anatulukamo wamoyo. Owerenga anadandaula kuti mlembi waswa pangano. Pangano lake liti? Lija timalidziwa tonse amene tinakulira m'timanyumba toonetsa mavidiyo, lakuti ekitala safa, ndipo pomaliza tiyenera kumuona akuyenda pamsewu, msana uli kwa ife. Chaka chomwecho kunatuluka Worth Dying For, Reacher ali moyo ku Nebraska, thupi likuphwanya, ndipo za m'mene anapulumukira anangozitchula mwachidule ngati munthu wosimba za chimfine. Anthu mitima inakhala pansi.

Wachitatu ndiye unamveka dziko lonse. Mu 2012 kunatuluka filimu ya Jack Reacher, yochokera m'buku la One Shot la 2005, ndipo amene anasewera ngati Reacher anali Tom Cruise. Cruise ndi katswiri, palibe angatsutse, koma msinkhu wake ndi wa mafiti 5 ndi mainchesi 7 kapena pamenepo. Owerenga anakana kwamtuwagalu. Filimu yachiwiri, Never Go Back, inatuluka mu 2016, koma madandaulo sanathe. Child anayamba waikira kumbuyo chisankhocho, koma mu 2018 anavomera poyera kuti owerenga ankanena zoona, kukula kwa thupi la Reacher n'kofunika pa nkhani yonse. Mu 2022 kampani ya Amazon inayamba kuonetsa sewero la Reacher m'zigawozigawo, ndi Alan Ritchson, chimunthu cha thupi ngati nkhokwe, ndipo ambiri anati eya, uyu ndiye.

Mwina mufunsa kuti anthu akuluakulu, ena a madigiri awo, angakangane zaka zisanu ndi chimodzi pa nkhani ya mainchesi khumi? Ine ndikuona kuti chifukwa chake n'chakuti thupilo ndi chinthu chokhacho chimene tonse tinagwirizana. Za mumtima mwake aliyense ali ndi zake, koma msinkhu unalembedwa, ndipo msinkhuwo ndiwo loto lenilenilo. Ambiri mwa ife ndife anthu aang'ono, okankhidwa pa mzere, otukwanidwa ndi kondakitala, oimitsidwa pageti ndi mlonda. Timafuna, kwa maola ochepa chabe, kukhala m'thupi limene likalowa m'chipinda anthu amasiya kulankhula. Kutipatsa Reacher wamsinkhu wathu womwewu kunali kutilanda chimene tinalipira.

Wachinayi ndi umene ukupitirira. Kumayambiriro kwa 2020, atalemba yekha mabuku 24, Child analengeza kuti akusiyira ntchitoyi mng'ono wake Andrew Grant, amene tsopano amalemba ndi dzina lakuti Andrew Child. Buku loyamba la awiriwa, The Sentinel, linatuluka chaka chomwecho. Kwa ife kuno zimenezi si zachilendo: mfumu ikatsikira kuli chete wina wa m'banja amalowa dzina, ndipo mudzi umapitirira kuitana dzina lomwelo ngakhale nkhope yasintha. Koma mukudziwanso m'mene anthu amanong'onezana pa bwalo, ati mayendedwe ake si a malemu aja. Owerenga agawanika chimodzimodzi. Ine ndawerengapo awiri mwa atsopanowa, ndipo khutu langa limandiuza kuti Reacher wa mng'onoyu amalankhula mowonjeza pang'ono, amafotokoza zimene mkulu uja akadangozisiya. Alamu akuti palibe kusiyana, bodza ndi lomwe lija. Achemwali anabweza lachiwirilo asanalimalize.

Chochititsa chidwi n'chakuti Child anali ndi njira ina. Wanenapo kuti ankaganiza zomaliza nthanozi ndi imfa: Reacher atagona yekha pansi m'bafa ya nyumba ya alendo yotsika mtengo, magazi akutha, popanda womugwira dzanja. Anaona kuti owerenga sakadamukhululukira, ndipo anasankha kupereka cholembera kwa mbale wake. Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Mathero amenewo ndiwo oona a munthu wokhala moyo wotere, ndipo tonse tikudziwa, koma sitifuna kuwaona. Tikufuna ufulu wake popanda mtengo wake.

Ndinene za ine mwini, popeza nanenso ndili ndi mipando yanga m'nyumba ija. Ine ndimamuchitira nsanje Reacher chifukwa cha matumba ake opanda kanthu. Ndine woyamba kubadwa, ndipo ndine ndekha m'banja mwathu amene ndinafika pa dipuloma. Kumudzi amati ndili m'tauni, ndimalemba m'nyuzipepala, tsono ndalama ndiye zanga. Foni ikalira m'mawa mtima umayamba wagunda ndisanaone n'komwe amene akuimba: fizi ya mwana wa achemwali ena, feteleza wa amayi, malata a nyumba ya agogo, bokosi la maliro a msuweni amene ndinamuona komaliza ndili Sitandade 5. Sindidandaula, pakuti nanenso ndinaphunzira ndi ndalama za fodya wa amalume. Koma pamakhala madzulo ena, mwezi uli pakati, landilodi wagogoda kawiri, pamene ndimatsegula buku n'kuona munthu akutaya malaya akuda m'bini, kukwera basi osadziwa kumene ikupita, popanda aliyense padziko lapansi wodziwa nambala yake. Mpweya umene ndimapuma pamenepo ndi wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndikhulupirira sindili ndekha. Ambiri amene timagula mabukuwa m'makondemu ndife anthu osenza mabanja awiri kapena atatu pa malipiro amodzi.

Koma achemwali, amene amaona anthu akutsirizika sabata iliyonse, anandifunsa funso limene silinandichoke. Anati, "Achimwene, ameneyu akadzafa adzamuika ndani? Adzayankhula ndani za mbiri yake pamanda?" Kuchipatala kwawo kumakhala mitembo ina yosowa abale, imene pamapeto pake imakaikidwa ndi anthu osaidziwa, popanda nyimbo, popanda nkhata ya maluwa. Kwa iwo palibe tsoka loposa limenelo. Ndipo mabuku omwewo sabisa. Pamene Joe ankaphedwa, abale awiriwa anali atatha zaka osaonana. M'buku la The Enemy la 2004, limene limatibwezera ku 1990, Reacher amadziwa pa nthawi ya imfa ya mayi ake ku Paris kuti ali kamtsikana anagwira nawo ntchito yachinsinsi yolimbana ndi asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mwana wofufuza milandu ya anthu ena onse sankadziwa mbiri ya mayi ake omubala. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo Reacher, ndi nzeru zake zonse, ali kokha.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa mtendere kuposa pamenepa. Reacher sapereka munthu kupolisi. Iye yemwe ndiye wofufuza, woweruza ndi wopereka chilango, ndipo chilango chake kawirikawiri ndi manda. Mu 2015 mlembi wotchuka Malcolm Gladwell analemba m'magazini ya The New Yorker kuti kukoma kwa mabukuwa kuli m'kusalabadira malamulo kwakeko, nawafanizira ndi nthano zakale za akauboyi. Kwa munthu wokhala kumene ukaimba foni apolisi amabwera, mwina zimenezi ndi maloto osapweteka, ngati kulota ukuuluka. Nanga kwa ife, kumene wakuba amagwidwa lero mawa n'kumuona akumwa tiyi pamsika, kumene mlandu umatha zaka mboni mpaka kumwalira? Kuno chilakolako chofuna chilungamo cha pompopompo sichikhala m'buku mokha. Chimayenda m'misewu, chili ndi miyala m'manja ndi botolo la petulo.

M'buku muli chinthu chimodzi chimene pamsika palibe: mlembi. Reacher akathyola khosi la munthu, ife timadziwa kuti munthuyo ndi wolakwadi, chifukwa Child anatitengera m'chipinda chimene anachitira zoipazo, tinaona ndi maso athu. Reacher salakwitsa munthu popeza amene akumuyendetsa anakonzeratu kuti asalakwitse. Gulu la anthu likamathamangitsa mnyamata pa depoti, aliyense mwa iwo mumtima mwake ndi Reacher, wotsimikiza, wotopa ndi kudikira, koma palibe amene anawerenga mutu woyamba wa nkhaniyo. Amangomva kuti wakuba, n'kutola mwala.

Ndipo taganizani mbali inayo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena mpaka kufika mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma okhudzidwawo. Amene anali pa ngozi kwambiri anali anthu osadziwika, odutsa, olephera kufotokoza msanga kuti ndi a kwa yani ndipo akupita kwa yani. Tsono yerekezani kuti madzulo ena a mwezi umenewo pa siteji ina patsika chimunthu chachitali, chachilendo, chopanda chikwama, chosatchula mudzi wake kapena mfumu yake, chofunsidwa mafunso n'kungoti duu. Ndi uyo yemwe timamukonda papepala. Kodi akadafika pa golosale yoyamba? Ife amene timasangalala mlendo wosadziwika akafika ku Margrave, tikamuona pakhomo pathu timayamba taitana anzathu. Timati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma timafuna tidziwe kaye agogo ake asanatulutse kalumoko.

N'chifukwa chake ndikuganiza kuti owerenga a maiko onse, pokana kuti Reacher afotokozedwe, afupikitsidwe, akalambe kapena afe, akuteteza chinthu chimene akuchidziwa mumtima ngakhale sachinena: munthuyu amakoma ali kutali. Atangomanga nyumba m'tauni imodzi n'kukhala, chaka chisanathe anthu omwe anawapulumutsa aja angayambe kumuopa, chifukwa munthu amene amapha popanda kufunsa aliyense ndi mpulumutsi Lolemba, koma Lachisanu ndi mtsogoleri wankhanza. Ife a m'dziko lino tinakhalapo zaka 30, kuyambira 1964 mpaka 1994, pansi pa ulamuliro umene mau a munthu mmodzi anali lamulo, ndipo makolo athu akudziwa kuti zimatha bwanji. Ubwino wa Reacher ndi basi ija ya pa tsamba lomaliza. Mlendo ndi mame, ndipo ameneyu amadziwa kukamuka dzuwa lisanatenthe.

Sindikunena kuti tisiye kuwawerenga, kutalitali. Stephen King, amene amadziwa za nthano kuposa ine, amawakonda mpaka anamutchula Reacher m'buku lake la Under the Dome la 2009. Ziganizo za Child ndi zazifupi, zolunjika, zopanda mafuta, ndipo wolemba ndakatulo aliyense angaphunzirepo za kudula mau osafunika. Mabukuwa apangitsa alamu anga, amene anasiya kuwerenga atachoka kusukulu, kumakhala pakhonde ndi buku la masamba 400 mpaka mdima. Apatsa achemwali anga pothawira pakati pa usiku pamene wodwala amene amuvutikira sabata yonse watsamaya. Zimenezi si zazing'ono m'dziko limene timangodandaula kuti anthu sawerenga.

Chimene ndikupempha n'chakuti potseka buku tizidzifunsa kuti m'nyumba yopanda katundu ija taikamo chiyani. Wina apeza kuti waikamo ulemu umene analandidwa pa benchi la mu ofesi, wina amayi a nkhope zotupa, wina foni imene akufuna itasiya kulira. Zimenezo ndi zathu, si za Reacher, ndipo basi yake ikanyamuka zimatsala ndi ife. Fayilo ya alamu inapezeka chifukwa anzawo opuma anapita limodzi kukaima pakhomo pa ofesi ija. Amayi mmodzi mwa aja a usiku anachoka kwa mwamuna wake chifukwa achemwali ndi anamwino anzawo anamuperekeza kwa apolisi oona za nkhanza za m'banja, n'kumusungira ana masiku atatu. Panalibe chimphona pamenepo, panalibe wothyoledwa khosi, ndipo nkhani zotere sizingagulitse mabuku 100 miliyoni.

Pamene ndikulemba pano, buku la Persuader lili kwa alamu sabata yachitatu. Akuti akuliwerenganso kachiwiri kuti aonetsetse mabodza onse a mfuti amene alimo. Achemwali atumiza kale uthenga kawiri kufunsa kuti lifika liti, ndipo m'uthenga wachiwiriwo awonjezera kuti Loweruka tonse tikufunika kumudzi, kuli kumanga chiliza cha amalume, ndipo thumba la simenti limene ndinalonjeza lisaiwalike. Ndipita. Buku lina ndiliika m'chikwama, loti ndiziwerenga m'basi.